Mabokosi Anayi pa Kamwendo

Ndimayamba ndi rula.
Mzere wina kutsika, wina kupingasa,
pepala lagawika panayi
ngati munda wa abale osamvana.

Bokosi loyamba: saluni ya Lekeleni,
Lolemba masana, magetsi atathima.
Dilaya wangoti kukamwa yasa.
Edesi wakhalira ndowa yovundikira,
mutu mbali ina woluka, mbali ina ukadali tchire,
akuwerenga makwacha a ku Zambia
amene wabwera nawo ku Mwami,
akunyowetsa chala ndi malovu.

M'bokosi lachiwiri simuchitika kanthu.
Ndaziona walowa ndi nzimbe,
wathyola pabondo, wagawa patatu,
mfundo yolimba wadzisiyira yekha.

Mnyamata wa pafotokope anandifunsa:
“Asisi, nanga nkhani yake ili pati?
Palibe wagwidwa ndi mwamuna wa mwini,
palibe ndewu, ngakhale maliro.”
Ndinati, taona phazi la Edesi.
Wavula patapata mmodzi.
Munthu savula nsapato
pakhomo pomwe akumuwerengera nthawi.

Khungu lathu linandisautsa zaka ziwiri.
Ndikasiya pepala loyera
nkhope zinkakhala za eni ake ena.
Ndikadetsa kwambiri
makina aja ankatimeza tonse,
kutsala mano ndi maso basi.
Ndinaphunzira timizere ting'onoting'ono,
bolopeni kuyenda chonyang'ama,
kusiya kadanga koyera patsaya
pomwe mafuta odzola amakola dzuwa.
Lekeleni ndi nthudza yakupsa.
Edesi, fodya wouma bwino m'chigafa.
Ndaziona ndi mtedza wokazinga
woiwalidwa pang'ono pamoto,
ndipo akamva ndanena choncho andiswa.

Chaka chatha kunabwera a bungwe, pagalimoto yoyera.
Ankafuna mayi wobereka mwana,
nkhope yakugwa, chidebe chopanda madzi,
kumunsi malo olembapo uthenga.
Ndinajambula. Ndinalandira.
Ndinagula matumba awiri a feteleza, ndisaname.
Koma mayi uja analibe dzina,
analibe mnzake womubwereka chitenje cha ku ukwati
n'kuchibweza chitapsa ndi simbi,
analibe womuseka kavinidwe.
Akadali pakhoma la kusikelo mpaka lero,
yekhayekha, akuuluka mtundu.

Bokosi lachitatu ndinalizengereza mwezi wathunthu.
Ndi muja Edesi anabwera kuchipatala cha paboma
ndi thewera lopinda, losagwira ntchito.
Tinakhala. Wailesi tinatseka.
Lekeleni anayamba kumumasula tsitsi,
chingwe chimodzi chimodzi,
osamufunsa kuti achita sitayilo yanji.
Pamwamba pa mutu wake ndinazunguliza chibaluni cha mawu.
Ndinayesa kulembamo “pepa”, ndinafufuta.
Ndinayesa vesi, ndinafufuta
mpaka pepala linayamba kunyenyeka.
Ndinachisiya chopanda kanthu.

Nditamuonetsa, Edesi anayang'ana nthawi yaitali,
mathiraki awiri a soya anadutsa pamsewu.
Kenako anati,
“Iwe, mphuno yanga si yotere ayi.”
Anapinda pepalalo kanayi
n'kulilowetsa m'kamisolo,
muja amasungamo za banki mkhonde.

Amanditcha kazitape.
Ndikatulutsa kope amakhala bwinobwino,
amakweza mapewa ngati ajambulitsa chiphaso,
ndiye ndimadikira aiwale.
Ndimadikira Ndaziona ayambe ya apongozi ake,
Lekeleni aseke mpaka chipeso chigwe,
apo ndiye bolopeni imadziwa njira.

Usiku uno ndagwirizira tochi ya foni ndi chibwano.
Mwana wagona, kunja njinga za kabaza zatha.
Latsala bokosi lachinayi.
Akuti lomaliza ndi loseketsa, kapena lopereka phunziro.
Ine ndilibe phunziro.
Ndangojambula benchi ya pakhonde la saluni,
makoko a nzimbe,
patapata uja akadali pomwepo,
ndi ngodya ya chitenje cha wina
amene akutuluka m'bokosimo
akulankhulabe.