Nsapato Zoimirira

Phazi la m'mawa ndi labodza.
Anandiuza choncho Sisitala Tikambenji
tsiku limene ankapuma pantchito,
akuvula sokosi pang'onopang'ono
ngati akusenda mbatata yootcha.
"Uzikagula madzulo, mwanawe,
phazi litatupa, litayamba kunena zoona."

Ndiye ndili pano ku Kamwala, folo koloko,
fungo la sipiriti likadali m'zikhadabo,
mzere wa chipewa ukadali pamphumi.
Lero taima maola asanu ndi anayi
pamimba pa mnyamata wa ku Chawama
yemwe minibasi inamupeza pa Lumumba.
Dokotala ankangoti, "Sizasi. Thonje. Ulusi,"
ine n'kumapereka,
koma pansi pa tebulo, kumene nyali siifika,
chidendene changa chinkalira chokha
ngati mwana womusiya panja pa tchalitchi.

Wogulitsa dzina lake ndi Jailosi.
Wanditulutsira zakuda zonyezimira:
"Izi, amayi, mukadutsa pa Cairo
magalimoto aziima okha."
Ndamuuza kuti kumene ndimagwira ntchito
anthu amabwera atagona chagada,
palibe amene amayamikira nsapato.

Ndikufuna zotseka pamwamba, Jailosi,
chifukwa singano ikagwa siyang'ana pogwera,
magazi akadontha safunsa chilolezo.
Zopanda zingwe.
Zingwe zimamwa zinthu zimene sindingakuuze usanadye.
Kunsi kukhale mphira wogwira,
simenti yathu imakolopedwa kasanu dzuwa lisanalowe
ndipo Nesi Mwaziona anathyoka dzanja
atanyamula thireyi, chaka chatha, mu Juni.
Kutsogolo zala zanga zizitha kutambasuka,
zisakhale ngati anthu a mu basi ya ku Matero
Lachisanu madzulo.

Wafukula mulu, wapeza zobiriwira, zonyansa,
zotupa mphuno ngati chule.
Ndavala.
"Tayendani nazo, amayi."
Ayi. Ine sindigula zoyendera.
Ndaima.
Ndaima pakati pa mabelo a salaula,
zigongono m'nthiti, manja m'mwamba
monga ndimaimira ndikasamba kale.
Mphindi zisanu. Mphindi khumi.
Wa wilibala wandilambalala akutukwana.
Ndikumvetsera msana, ndikumvetsera akakolo,
ndikudikira kachala kakang'ono kakumanzere
kamene kamayamba kudandaula ena onse asanayambe.
Kali zii.

Jailosi wasiya kuseka.
Wakweza malaya, wandionetsa chipsera
chochokera pamchombo kutsika,
chosokedwa bwino, mwa dzanja lodekha.
"Zaka zitatu zapitazo. Matumbo anapotana.
Nkhope sindinaione ngakhale imodzi,
nonse munali mutadzimanga pakamwa.
Koma atanditembenuza mutu, tulo tikubwera,
ndinaona mapazi pansi,
nsapato zoyera zong'ambika kuchidendene
zomatidwa ndi pulasitala.
Ndinati mumtima, ineyo wogulitsa nsapato
ndikufa pamaso pa nsapato zotere?"

Sindinamuuze kuti ndikuzidziwa.
Zinali pa shelefu yachiwiri, pafupi ndi sinki,
zolembedwa T.S. ndi inki yofiira,
ndipo mwini wake lero ali ku Chilenje,
mapazi m'beseni la madzi amchere,
sangathenso kuima mpaka nyimbo ya kwaya ithe.

Tatsutsana mtengo ngati anthu ena onse.
Wandichotsera makwacha makumi awiri basi,
chipsera ndi chipsera, malonda ndi malonda.
Kenaka wandibwereka cholembera chakuda
chimene amalembera mitengo pa katoni,
poti m'chipinda chathu chosinthira zovala
nsapato zabwino zimamera miyendo usiku.
Ndalemba kuchidendene: NTHAMBI.

Zakale ndazisiya m'pepala la pulasitiki,
sindinathe kuziponya mu dilamu pamaso pake.
Mawa seveni koloko pali mayi wa chotupa m'chiberekero.
Akati atembenuze mutu, tulo tikubwera,
aone zobiriwira izi, zonyansa,
zitaponda pansi nji,
zosasuntha.