Dzanja Langa Lamanzere

Ndalama ndinali nazo, zomanga pansonga ya chitenje,
zokwana kugula benchi yonse ya a Chikaonda
mumsika wa Kasungu.
Koma mtima unayamba kugunda ngati chigayo cha dizilo,
m'manja thukuta,
kukhosi gwa,
ndipo kachipeso kofiira kanalowa kokha m'chikwama.
Kenako zii. Mpumulo wa mphindi ziwiri.
Manyazi anandipeza ndisanafike pa depoti.

Kwathu, kuseri kwa chigafa cha fodya,
ndinakwirira chitini cha penti chodzaza:
mabatani, maloko opanda makiyi,
supuni ya ku ukwati wa Tiyanjane,
nsapato ya mwana, ya phazi limodzi.
Palibe chimene ndinachigwiritsapo ntchito.

Abusa anati chiwanda. Ndinasala masiku atatu.
Amuna anga anati ndikuwayalutsa.
Lachiwiri kuchipatala, dokotala wa matenda a maganizo
sanadzidzimuke. Anangofunsa: "Chimayamba bwanji?"
Ndinalira, poti palibe anandifunsapo.

Lero ndapitanso kumsika.
Ndagula tomato, ndalipira.
Dzanja lamanzere ndaligwira ndi lamanja
ngati mwana powoloka msewu wa ku Mzuzu.
Kachipeso kaja kadakali m'chikwama.
Benchi ya a Chikaonda ndikuiona apo.
Miyendo ndiyo ikukana.