Dziko Litatha, pa Chipoka

M'shopu yanga yokonzera mafoni, kuseri kwa siteshoni ya sitima,
muli batire la galimoto, sikirini yong'aluka pakona,
ndi ana asanu ndi awiri okhala pa makatoni.
Magetsi anazima dzulo masana.
Dziko likutha m'kanema, ife tikuonerera.

Ndi katuni wa ku Japan, anthu a maso aakulu ngati mbale.
Chilankhulo chake palibe akuchimva,
koma Twaibu, mwana wa telala, akumasulira molimba mtima
ngati mchombo wake unagwera komweko.
Akuti moto unagwa kuchokera kumwamba, mizinda n'kusanduka phulusa,
n'kutsala mtsikana mmodzi wopangidwa ndi zitsulo.
M'chifuwa mwake anaikamo zokumbukira za anthu akufa:
fungo la mvula yoyamba, dzina la galu wa winawake,
chipsera cha bondo limene si lake.
M'mawa uliwonse amathirira mtengo umene unauma kalekale.

"Ndi wopusa," akutero Ndaziona, bwemba ali m'kamwa.
"Chitsulo sichilira."
Koma wasiya kutafuna.

Ine manja ali pa foni ya mayi a ku Ngodzi,
imene inagona masiku awiri m'matope a madzi osefukira.
Anabwera wapansi. Anati: zoimba sindikuzifuna,
ndikufuna mawu a bambo a ana, ali momwemo.
Sabata yachitatu ino ndikuwotcherera timawaya topyapyala ngati tsitsi,
kufunafuna munthu m'kachitsulo kochepa ngati chikhadabo.
Ndikampeza, adzakhala iyeyo?
Kapena mkokomo chabe, wonga wa mtsuko wopanda madzi
ukaikapo khutu?

M'kanema dziko limatha kamodzi, ndi mphezi, ndi ng'oma.
Kuno limatha ngati sopo.
Njanji yadya dzimbiri, mbuzi zikugona polandirira katundu,
udzu wakwera mpaka pazenera logulitsira matikiti,
ndipo palibe anatiuza kuti mapeto aja ndi omwewa.
Tinangodzuka, kusesa pakhomo, kutsegula mashopu.

Tsopano mtsikana uja wapeza nkhalamba m'phanga,
yomwe chala chake chinadina batani lija.
Yagwada. Milomo ikunjenjemera.
"Akuti ndikhululukire," akutero Twaibu.
"Bodza," akutero kamnyamata ka kumbuyo, "akuti ndili ndi njala."
Mkangano wabuka, ine sindikuweruza.
Mwina pa tsiku lomaliza mawu awiriwo amamveka chimodzimodzi.
Nanga wokhululuka ndani, eni mlandu onse ali m'phulusa?
Wonyamula zokumbukira zawo ali ndi ufulu
wogawa chifundo chimene si chake?

Mtsikana watambasula dzanja,
sitikudziwa ngati n'kupha kapena kudzutsa,
batire lati phethi, phethi, zii.

Mdima. Fungo la mtovu wosungunuka.
Ana akutuluka akukankhana, aliyense ndi mathero ake m'thumba.
Twaibu akulumbira kuti mtengo uja uphuka.
Ndaziona akuti suphuka, koma azithirirabe,
poti akasiya ndiye kuti iyenso wauma.
Sindikudziwa amene anaphunzitsa mwanayu zimenezi.
Mayi ake amagulitsa makala pa msewu.

Ndatsala ndekha ndi tochi m'mano.
Ndalumikiza kawaya komaliza, ndadina.
Galasi layera pang'ono ngati diso la wodwala.
Kenaka mawu, okanda, a munthu woyenda panjinga,
mphepo ikuwomba m'kati mwake:

"Ndachedwa pang'ono. Usatseke chitseko.
Mchere uja ndagula."

Basi. Masekondi asanu ndi limodzi.
Ndawabwereza kanayi, ine amene sindinam'dziwe n'komwe,
mpaka ndayamba kudikira kulira kwa tcheni pakhomo.
Tsopano ali mwa inenso, mlendo wopanda nkhope,
wanyamula mchere, akubwerabe.

Mawa mayi aja adzafika, adzafunsa mtengo wake.
Ndakhala ndi cholembera mpaka tambala woyamba,
lisiti likadali loyera.