Sitima ya Lamlungu

Ndimadzuka chisanu chisanachoke pa njanji.
Joni ali kumbuyo kwanga, nyali zake zikuphethirabe
kuseri kwa milu yachikasu imene migodi inasanza.
Ine ndili pano ndi tsache, chidebe ndi kansanza kopukutira mkuwa,
pa siteshoni imene inasiya kudikira munthu
ine ndisanabadwe.

Belu ndimalipukuta mpaka ndidzione mphuno.
Wotchi ya pakhoma ndimaikunga kasanu ndi kawiri,
ukapitirira apo imapsa mtima, imathamangira mawa.
Sikelo ya katundu inaiwala kulemera kwa thumba la chimanga.
Lero imayeza ana a eni ake, akuseka,
amayi awo akujambula ndi foni.

A Labuschagne amafika ndi ovolosi yochapa bwino,
madzulo amachoka ali bii, mano okha mbee.
Kale ankazula anthu mano. Tsopano amakonda malasha.
Tshepiso amaponya fosholo m'kamwa mwa moto
ndipo chilombo chokalambacho chimayamba chatsokomola,
kulavula, kuwongola mawondo achitsulo,
kenako kukuwa kuti nkhanga za m'thengo zidziwe.

Makilomita khumi ndi awiri kupita,
khumi ndi awiri kubwerera.
Anthu amalipira kuti apite kopanda kanthu
n'kubwerako ndi mwaye m'tsitsi, ali osangalala.

Pali benchi ina pansi pa khonde.
Ndaipaka utoto wobiriwira katatu konse
koma mvula ikatha zilembo zimatulukanso ngati chipsera,
kunena amene ankaloledwa kukhalapo.
A komiti amakangana: tizifute, tizisiye.
Ine ndimadyerapo buledi wanga masana
ndipo benchiyo sinanenepo kanthu.

M'chipinda cha katundu wotayika muli bokosi lamalata,
loko wake anadyedwa ndi dzimbiri.
Pamwamba wina analemba ndi msomali:
Gelesomu, Ncheu,
kalembedwe kakale kaja.
M'kati muli chipewa, lumo,
ndi nsalu yachikazi imene sinavalidwepo,
mopindamo mukuonekabe.
Alendo amawerenga kakhadi: mwini wake sadziwika.
Inenso sindimudziwa,
koma ndikuudziwa mudzi umene unasesa pabwalo,
unatchera khutu ku mluzu wakutali,
unaphika, n'kudya wokha.
Agogo anga aamuna nawonso anakwera ya Wenela.
Kwathu mbiri yawo yonse ndi liwu limodzi: mtchona.
Lachisanu lililonse ndimalipukuta bokosilo
ngakhale palibe anandituma.

Dzulo Ndaziona anaimba kuchokera ku Balaka.
Ndinamusiya akukwawa, lero akulemba mayeso a fomu thuu.
Anamva kulira kwa injini kumbuyo kwa mawu anga
n'kufunsa: Ababa, sitima yanuyo kuno siifika?
Ndinati njanji yake ndi yaifupi, mwanangu,
imathera pa mtengo wa bulugamu ndi mulu wa matabwa owola.
Sindinanene za pasipoti imene inatha mphamvu
kapena za envelopu ya pansi pa matiresi
imene imanenepa mwezi uno n'kuonda mwezi wamawa.
Mayunitsi anatha tisanatsanzikane.

Folo koloko sitima yabwera, monga mwa masiku onse.
Ndimaima pa geti kuwerenga otsika.
Onse amene anapita abwerera,
ngakhale kamwana kaja kataya nsapato imodzi.
Sindinazolowerebe kuona zimenezi.

Ndimatsitsa mbendera yofiira, ndimakhoma loko.
Magalimoto awo amalowera kumene kuli nyali,
fumbi limakhala pansi.
Nthunzi yotsala imazizira pa msana wa injini,
madontho akugwera pa miyala, limodzi, limodzi.
M'thumba la malaya ndili ndi katikiti kakatoni
kamene wina anagwetsa pafupi ndi sikelo.
Kondakitala anaboola mbali yopita yokha.
Yobwerera ikadali yathunthu.