Khomo Kumanzere

Mmawa wa Juni, chifunga chisanasiye Kaning'ina,
ine ndi Fiskani tili kale m'dambo la Lunyangwa,
majombo m'matope, sefa womangirira kunsungwi.
Amayi ochapa kumunsi kwa mlatho akutiseka:
sukulu yonse ija, kudzathera kuwedza nkhono!
Tikuseka nawo. Zala zachita dzanzi.

Si nkhono zija za mvula yoyamba ayi,
zonenepa, zokwawa pakhoma la bafa.
Izi n'zochepa ngati njere ya mapira,
yaikulu ndiye chikhadabo cha khanda,
zomatirira kunsi kwa tsamba lovunda,
pajumbo lotayidwa, pa patapata wopanda mnzake,
zikupala ndere ndi lilime la mano osawerengeka.
Iliyonse ndi mwamuna, ndi mkazinso.
Ikasowa bwenzi imadzikwatira yokha
n'kumata mazira ake pa phesi, phee.

Ku Luwinga timazikhuthulira m'mbale yoyera.
Ntchito yanga ndi ya kalaliki wa pachipata:
ndiwe yani, kwanu n'kuti, mtundu wako?
Nsonga m'mwamba, khomo likuyang'ane,
anatero Mayi Nyasulu tsiku langa loyamba,
kenako uone mbali imene latsegukira.

Iyi, khomo kumanja, chigoba chopyapyala: Limineya,
yosunga kachilombo koboola chiwindi cha ng'ombe.
Iyi yodzizinga ngati nkhata ya mtsuko: Biyomfalariya.
Iyi ili ndi chitseko chakechake,
ikaopa imalowa n'kudzitsekera, imapuma ngati nsomba,
pamene zinzake zili ndi phapo
ndipo zimakwera pamwamba pa madzi kukaba mpweya.
Nanga iyi, yopanda chitseko, khomo kumanzere?
Bulinasi. Ya likodzo.
Botolo lake limalembedwa ndi inki yofiira.

Ine ndinabadwa wamanzere.
Ndili Sitandade 1 rula inkatera pa zala izi
mpaka choko chinasamukira kudzanja la eni ake.
Kunyumba ankati dzanja ilo sapatsira moni,
salandirira mchere, sadyera pa anthu.
Ndiye ndikaigwira ndi kapanira kachitsulo
ndimachedwa nayo pang'ono.
Fiskani amati, mwakumana pachibale.

Masana timandandalika mabotolo pawindo.
Dzuwa la Mzuzu likakumbuka kutuluka
madzi ena amayamba kuthwanima:
tizilombo ta michira ya mphanda, tikuvina,
tikufuna khungu la mwana wosambira.
Ndinationa koyamba, msana unazizira.
Ndinakumbuka kabudula wa mlongo wanga Yotamu,
madontho ofiira amene anzake ankati ndi ukulu.

Koma tawerengani nane.
Lero za khomo kumanzere zinali mazana atatu ndi khumi.
Zotulutsa tizilombo: zinayi.
Ndipo zinayizo sizinabadwe nato.
Wina anaima pagombe, nayang'ana uku ndi uku,
nataya madzi m'madzi.
Nkhono inangolandira mlendo wosagogoda
amene amaidya m'kati mpaka kuleka kuikira.
Nayonso ndi wodwala,
kungoti ilibe mzere wokaima kuchipatala.

Mayi Nyasulu amati chigoba chimanama.
Ziwiri zofanana ngati mapasa zitha kukhala mitundu iwiri,
ziwiri zosiyana, ana a mimba imodzi:
ina inakulira m'madzi othamanga, ina m'chithaphwi.
Dzina lenileni lili m'kati mwa mnofu,
timachita kutumiza kutali kuti akaliwerenge,
yankho limabwera mvula itagwa kale.
Pakadali pano timalemba dzina la banja
ndi kachizindikiro ka funso pambali pake.

Madzulo ndikutsikira ku Chibavi wapansi,
a kabaza akundiimbira belu, mawawa ayambanso.
M'thumba la juzi muli chigoba chopanda mwini,
chopepuka ngati gaga.
Ndikuchizungulira ndi chala, kutsata msewu wake
kuchokera kunsonga mpaka pakhomo,
njira yokhota mosemphana ndi zinzake
koma yofika ndithu.

M'kaundula wa lero, mzere womaliza,
mukaona zilembo zopendekera chammbuyo,
musadabwe.
Munalibe munthu m'chipindamo,
ndipo cholembera chinabwerera chokha kwawo.