Loko Aliyense ndi Kiyi Wake

Ku Lizulu nkhungu imalowa m'kalasi ife tisanalowe.
Ana makumi asanu ndi atatu,
zala m'khwapa,
amabwereza pambuyo panga ngati achule a m'dambo,
Chingerezi chosalala, onse pamodzi.
Koma ndikaloza mmodzi, iwe imirira, nena wekha,
zii.
Choko chokha ndicho chimalankhula.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkati vuto ndi ana.

Tsiku la msika ndinamuona Gelesomu,
yemwe m'kalasi mwanga ndi chitsa,
akuthamangira basi, ndowa ya mbatatesi pamutu,
akunenerera mtengo ndi mzungu wa pazenera.
Chingerezi chothyokathyoka,
koma chenje anabweza yolondola.
Ndinangoti chilili, kabichi m'manja, manyazi atandigwira.

Lolemba ndinabwera ndi ndowa yopanda kanthu.
Gelesomu, ndigulitse. Ndine mlendo, Chichewa sindimva.
Anandidulitsa, kalasi yonse phwete,
ziganizo zisanu ndi ziwiri osapumira.

Lekeleni wachibwibwi sindimuimiritsanso pagulu.
Nthawi yopuma timakhala pansi pa mkungudza,
iye kugogoda bondo ndi chala,
liwu limodzi, kugogoda kumodzi,
mawu nkumawoloka ngati mbuzi pa mlatho wamitengo,
imodziimodzi.

Zuze amangodumpha msewu kuchokera ku Mozambiki,
Chipwitikizi chili m'thumba.
Sindimulanda.
Ndimati tulutsa, tiyale mawu ako ndi anga
tione amene akufanana nkhope.

Ndaziona analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso.
Ndinamubwereka foni yanga yong'aluka galasi,
amakalankhula nayo kuseri kwa kalasi
ndipo ine ndimamvera usiku, ndikuwotha mbaula.
Dzana anafotokoza mmene amai ake amawumbira mphika,
mphindi zitatu zathunthu.
Akadasokonezabe la ndi ra.
Nanenso, ndikatopa.

Musandiombere m'manja.
Ambiri akadali achule,
teremu ndi yaifupi, silabasi ili pamsana ngati ngongole,
ahedi akufunsa chifukwa chake m'kalasi mwanga muli ndowa.
M'kope langa dzina lililonse lili ndi tsamba lake
ndipo masamba ochuluka akadali oyera mbee.

Mawa ndi Tsokalida,
wa pakona paja, amene amangojambula malole.
Chiyambire chaka sindinamve liwu lake.
Ndikakhala naye pambali,
ndiloze imodzi,
ndimufunse m'Chingerezi kuti yanyamula chiyani
ndipo ikupita kuti.
Kenako ndikhale chete,
ine, mphunzitsi,
mpaka ayankhe.