Werengani Khumi, a Ferit

Ku Adana mwezi wa Ogasiti
dzuwa silinena odi, limangolowa.
Tinali pa nsanjika yachinayi ya nyumba yosatha,
a Ferit ali chigwadire kuyambira mbandakucha,
akuyala matayilosi obiriwira m'bafa
la munthu amene sitinamuonepo nkhope.

Ine yanga inali yokanya simenti
ndi kusunga pakamwa.

Foni inalira m'jekete lawo
lokolekedwa pa msomali uko.
Anadzambatuka ngati mnyamata.
Phazi loyamba. Lachiwiri.
Kenako dzanja linayamba kupapasa khoma,
khomalo lili pomwepo, osalipeza.
"Tayfun, wazimitsa magetsi ndani?"
M'nyumba mopanda ndi waya womwe.

Khu! pa matumba a mchenga.
Pambuyo pake ankati amwayi anali matayilosi.

Ndinawasanjika miyendo pa ndowa yovundikira
monga ndinaonera mayi akuchitira azakhali
tsiku lina pa ukwati.
Kupuma ankapuma. Milomo mbuu ngati laimu.
Mphindi isanathe maso anatseguka,
n'kundifunsa chifukwa chiyani
ndalekerera simenti kuuma.

Kuchipatala, dokotala Sabriye anawayeza atagona,
anawayezanso ataima,
manambala n'kutsika ngati chikepe chaduka chingwe.
Anayamba kupinda zala.
Madzi munamwa liti?
"Tiyi si madzi kodi?"
Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi
amene anawonjezedwa sabata yatha ija,
aja okodzetsa a m'mawa,
shuga wa zaka khumi ndi ziwiri
amene wakhala akufumbwa mitsempha mwakachetechete,
thukuta lonyowetsa mpaka lamba.
Chala chomaliza sanachitchule.
Anangoyang'ana imvi.

"Mukagwada nthawi yaitali," anatero,
"magazi amakhazikika m'miyendo
ngati alendo amene akhuta.
Mukaimirira, mtima uyenera kuwaitanira kumutu msanga.
Wanuwu kuitana umaitana,
koma mthenga wakalamba, amafika mochedwa.
Ubongo ukadikira osalandira kanthu
umakugonekani pansi wokha
kuti magaziwo abwere osakwera mtunda."

A Ferit anakanda chibwano.
"Ndiye m'kati muno muli kapitawo
wankhanza kuposa ine."

Piritsi limodzi anawasinthira.
Ena onse, anati, adzaonanso pakatha milungu iwiri,
ndipo akadzagwanso, kapena pachifuwa pakadzalasa,
asadzadikire kuti simenti ithe.

Masiku ano pafupi ndi mpeni wodulira matayilosi
pamakhala botolo la madzi lolembedwa mizere ndi pensulo.
Akafuna kudzuka amayamba akhala pa ndowa ija,
n'kugwedeza zala za kumapazi m'nsapato,
n'kuwerenga khumi.
Manambala amati ndi a ana a sukulu,
ndiye amatchula adzukulu:
Esma, Doruk, Nehir, mapasa aja,
Kerem wosamva, ndi kakhanda ka ku Mersin.
Amathera pa asanu ndi awiri.
Atatu otsalawo amatukwana mawondo.

Ine ndimachita ngati ndikukanya simenti
koma diso lili pa khosi pawo,
phazi langa lili kale panjira.
Iwo amadziwa. Sitinenapo kanthu.

Foni ija, tinamva mawa lake,
anali mwini nyumba:
obiriwirawo sakuwafunanso,
akazi awo akonda oyera.
Tinawagumula onse Lachinayi,
titagwada.